Chidindo cha pa Bati ya Upile

Umm Ghuwailina, Doha
18 Okutobala 2024

Okondedwa amake Upile,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino kumeneko, inu, Upile ndi mayi. Ine kuno ndili bwino, kupatula kachifuwa kamene kamatigwira tonse nyengo ikamasintha. Ndabwerera ku pepala chifukwa m'chipinda muno tsopano tilimo asanu ndi mmodzi, ndipo munthu ukaimba foni aliyense amachita ngati ali ndi zake koma makutu ali tcheru. Ndizilemba, n'kujambula, n'kutumiza pa foni yanu. Mukawerenga musamafufute.

Kuntchito andisintha pang'ono. Masiku anayi ndikadali pageti la nyumba yosanja ija ya ku West Bay, koma Lachisanu ndi Loweruka akumanditumiza ku bwalo la masewero la kampani ina, kunja kwa tauni. Ntchito yake ndi yomweyo, kuyang'ana makadi a anthu ndi kuuza a magalimoto poima. Chimene chandiseketsa n'chakuti masewero a pabwalopo ndi omwe aja Upile wakhala akutisokosa nawo kuyambira ali Fomu 1, a softball. Ndimaonera ndili pageti. Mpaka pano sindikudziwa kuti wina amathamangiranji pamene anzake angoima.

Uthenga wa Upile ndaumva. Akuti timu ya sukulu yawo yaitanidwa ku mpikisano wa ku Blantyre mu Marichi, kumene kudzakhale anthu osankha atsikana oti azikasewera kunja. Akuti mabati awiri amene ali nawo, ndodo zomenyera mpira zija, ndi akale ofufutika moti aphunzitsi anena kuti sakaloledwa. Ndiye iye anaimirira pamaso pa anzake n'kunena kuti bambo anga ali ku Qatar, agula. Mwanayu pakamwa anatengera inu. Sanayambe wandifunsa n'komwe. Koma poti wanena kale pagulu, ndipo timu yonse ikuyang'ana kwa iye, ndiona chimene ndingachite. Musamuuze kuti ndavomera, mungomuuza kuti ndamva.

Ndalama ndatumiza Lachiwiri. Mugule feteleza msanga asanakwerenso, ndipo mbewu mugule m'sitolo, osati ya m'mapepala omata pamsika ija inatipusitsa chaka chatha. Denga la khitchini lidikire, ndidzakonza ndekha ndikabwera pa tchuthi mu Epulo.

Ine wanu,
Fraser

8 Novembala 2024

Okondedwa amake Upile,

Moni kwa nonse. Ndasangalala kumva kuti mwendo wa mayi wayamba kutsika. Ine chifuwa chija chatha. Mvula yoyamba ikagwa musathamangire kubzala, muyambe mwaona kuti nthaka yamwa.

Za bati ndayamba kufufuza. Ine ndinkaganiza kuti bati ndi bati monga mpini uli mpini, ungosankha wokukwana m'manja. Si choncho. Wandiphunzitsa ndi Rodel, Mfilipino wina amene amakonza magetsi ku hotelo koma Lachisanu amakhala woyimbira masewero pabwalo pathupa. Tinadziwana chifukwa amasiya njinga yake pafupi ndi kanyumba kanga ka pageti.

Pabwalo limodzi lomweli pamasewera maligi awiri. Lachisanu ndi ya Afilipino, Loweruka ndi ya anthu a m'maofesi. Bati iliyonse imakhala ndi chidindo pamwamba pa chogwirira, chosonyeza kuti inayesedwa ndi bungwe liti. A Lachisanu amafuna chidindo chooneka ngati chala, chonga chija mayi amadinda polandira makuponi. A Loweruka chimenecho sachifuna, amafuna china cha ngodya zisanu ngati kanyumba. Akuti mabati a chala amaulutsa mpira mwamphamvu kwambiri moti angathe kuvulaza woponya. A Lachisanu nawo amati mabati a Loweruka ndi akufa. Mapeto ake munthu wosewera masiku onse awiri amagula mabati awiri, kapena amafuna ya zidindo zingapo, imene mtengo wake ndi wina.

Loweruka lapitali injiniya wina, munthu wa galimoto yaikulu amene sayankha moni wanga, anabwera ndi bati yatsopano ikadali m'pulasitiki. Woyimbira anangoitembenuza kamodzi n'kuiika pambali. Anakangana mpaka nkhope kufiira, akuti wagula ndi ndalama zambiri, koma woyimbira anangoti ndalama zake iye sizikumukhudza. Batiyo inakhala m'kanyumba kanga mpaka masewero kutha. Sindinama, zinandikomera.

Ndiye Upile afunse aphunzitsi kuti ku Blantyre akafuna chidindo chiti. Asangomva pakamwa, alembetse papepala, mujambule munditumizire. Safunsa anadya phula.

Malipiro a Okutobala sanalowe mpaka lero. Akuti ndi makompyuta. Musade nkhawa, zimachitika.

Ine wanu,
Fraser

29 Novembala 2024

Okondedwa amake Upile,

Ndili bwino, kaya inu kumeneko. Mwachita bwino kubzala munda wa kumtsinje poyamba. Wa kumtunda mupemphe achimwene anu akuthandizeni, koma muwapatse chakudya chokha, za ndalama musalonjeze.

Pepala la aphunzitsi ndaliona. Chidindo chimene akufuna si cha chala, si cha kanyumba, ndi chachitatu, cha zilembo zinayi, WBSC. Rodel akuti ndi chimene amayang'ana pa mipikisano ya mayiko. Wandiuzanso kuti masewero a Upile ndi osiyana ndi a pabwalo pathu. Kuno amaponya mpira pang'onopang'ono chokweza m'mwamba, pamene a atsikanawo amaponya mwaliwiro, choncho bati yake imakhala yopepuka.

Lachitatu ndinatsala pang'ono kulakwitsa. Hashimu, dalaivala wa ku Mangochi uja amagona pabedi la pamwamba panga, ananditengera ku Al Asmakh kwa munthu wina amene akubwerera kwawo ndipo akugulitsa zonse, fani, mapoto, nsapato, ndi bati. Inali yokongola, yofiira, yosakalika paliponse. Nditaitembenuza ndinapeza chidindo cha chala chija.

"Achimwene, tengani iyi, khalas, nkhani ithe," anatero Hashimu. "Two hundred yokha. Ku Malawi ndani amene angayang'ane stamp?"

"Aphunzitsi alemba kuti akayang'ana."

"Aphunzitsi amangokopera za pa internet. Mwana akangoona kuti yachokera ku Qatar, mafi mushkila, palibe vuto. Kapena tiyeni kwa mnzanga amene amapanga ma sticker, akudindirani ya zilembo zinayiyo, ten minutes."

Ndinamuuza kuti ine tsiku lonse ndimakhalira kubweza anthu a makadi abodza pageti, sindingatumize mwana wanga kukaima kutsogolo kwa woyimbira ndi chinthu chomata. Anakwiya pang'ono, akuti ndine munthu wovuta ngati mudiri, ndiye kuti bwana m'chilankhulo cha kuno. Tinabwerera pa sitima ya metro iye akadali wokwiya. Koma ndi munthu wabwino, madzulo ake anandigawira tiyi.

Vuto ndi lakuti bati yoyenerayo m'masitolo a kuno mulibe. Ndayenda masitolo anayi. Wogulitsa wina sanadziwe n'komwe kuti pali zidindo, anangondionetsa ya kriketi. Iyenera kuitanitsidwa kunja, ndipo pamodzi ndi yonyamulira ikupitirira mariyali chikwi chimodzi. Rodel wavomera kuitanitsa pa khadi lake ndikamupatsa ndalama m'manja.

Malipiro aja analowa theka. Anyamata awiri a ku Nepal amene anapita kukafunsa ku ofesi asamutsidwira ku kampu ya kutali. Ine sindinapite. Upile musamuuzebe kanthu.

Ine wanu,
Fraser

3 Januwale 2025

Okondedwa amake Upile,

Chaka chabwino kwa nonse. Ndikhulupirira munadya bwino Khirisimasi ngakhale zinali zochepa. Kuno tsikulo ndinali pageti. Kwayamba kuzizira moti m'mawa ndikumavala juzi pansi pa yunifolomu, dziko lomwe lija linkatiwotcha mu Ogasiti.

Bati yafika. Ndalama zake musafunse. Sindinabe ndipo sindinakongole kwa munthu, zimenezo zikukwanireni.

Ndi yachitsulo chopepuka, yoyera ndi mizere yobiriwira. Ili ndi zidindo zitatu, ndipo cha zilembo zinayi chija chili pakati, chooneka bwino. Lero ndinapita nayo kubwalo. Rodel anaitenga monga amachitira ndi mabati a osewera, osati ngati mnzanga. Anaiyang'ana mbali zonse, anaipititsa m'kamphete kake koyezera, anaigwedeza pafupi ndi khutu kuti amve ngati muli kanthu kotayirira, kenako anandibwezera n'kunena kuti imeneyi ingalowe pabwalo lililonse padziko. Osewera ena anafuna kuti ayese kumenyera, ndinakana. Woyamba kumenyera akhale mwini wake.

Panopa ndikugona nayo pabedi, kukhoma, chifukwa loko wa sutikesi yanga anathyoka. Hashimu akuti ndakwatira mkazi wachiwiri, ndipo adzakuuzani.

Pa positi sinditumiza. Ashura, mayi wa ku Liwonde amene amagwira ntchito yochapa ku hotelo ya Rodel, akupita kumudzi pa 20 ndipo wavomera kunyamula. Mudzakumane naye pa siteji ya Liwonde, nambala yake ndikutumizirani. Tsopano mutha kumuuza Upile, ndipo auze aphunzitsi kuti mawu ake aja sanali a chibwana.

Za Epulo mwafunsa kawiri. Tidzakambirana, ku ofesi kuli mapepala ena amene sanathe. Ndatumiza kangachepe kogulira feteleza wobereketsa, muthire mvula ikangodula.

Ine wanu,
Fraser

17 Januwale 2025

Okondedwa amake Upile,

Iyi ikubwera ndi Ashura, ndiye muigwira ndi manja. Ndili bwino. Mupereke moni kwa mayi ndi kwa onse ofunsa za ine.

M'katundumu muli bati, nsapato zofewa za mayi, paketi ya zipatso za kanjedza, ndi mpango wanu. Mtundu wake anasankha ndi Ashura, ukapanda kukusangalatsani mudandaule kwa iye. Mumupatse nkhuku imodzi yothokoza, wasiya zinthu zake zina kuti zathu zikwane.

Tsopano za bati, mumvetse bwino, ndipo Upile awerenge nawo ndime ino. Asamenyere miyala, mabotolo kapena mpira wina uliwonse kupatula wake. Isakhale padzuwa tsiku lonse. Isagone pansi pamene pamalowa madzi. Anyamata a pamudzi asaigwire, makamaka ana a achimwene anu, amene anathyola wilibala m'masiku awiri. Pa chidindo pasakhudzidwe ndi chilichonse, ngakhale sopo. Chidindocho ndiye bati yonseyo.

Chinanso, isanapite kusukulu mukalembetse dzina lake. Mukudziwa mmene zinthu zimamerera miyendo ku hosteli. Chaka chatha mwanayu anataya ndowa ziwiri ndi bulangete, ndipo ndowa yachitatu yakhalitsa chifukwa a Faruku anakhomapo dzina. Peni imafufutika, penti amapala. Mupite nayo kwa a Faruku omwewo, okhoma ndowa pamsika aja, akhome ndi msomali monga amachitira. Muwauze atalikire chidindo, alembe kumtunda konenepa kuja, ndipo zilembo zikhale zazikulu zoti munthu aziwerenga ali patali. Ku Blantyre kudzakhala masukulu ambiri, ndipo chinthu chokongola chopanda dzina sichibwerera.

Upile, atsikana onse a timu azimenyera, usachite nayo matama. Koma posunga uzisunga iwe.

Ine wanu,
Fraser

21 Febuluwale 2025

Okondedwa amake Upile,

Moni. Ndamva kuti chimanga chamasula bwino, tithokoze Mulungu. Ufa ukatha musadikire, mugule thumba limodzi, za sopo ndi mchere tiona mwezi wamawa. Ine ndili bwino, kungoti atiwonjezera maola chifukwa alonda achepa.

Kavidiyo kaja ndakaona. Ndakaonera kangapo konse pageti mpaka batire kutha. Sindinkadziwa kuti mwanayu watalika chonchi, ndinamusiya akufika paphewa panu. Ndinamuonetsa Rodel, ndipo anakabwereza katatu. Akuti amaima bwino, manja ake ndi achangu, ndipo osankhawo akakhala ndi maso adzamuona. Rodel si munthu woyamikira zinthu wamba, ndiye ndinasangalala kwambiri. Ngakhale Hashimu wavomera kuti kulira kwa batiyo ndi kwina.

Mwachita bwino za dzina. Poti a Faruku anakana kulandira ndalama, muwapititsire maungu akacha.

Tsiku la ulendo mumupatse kandalama ka m'thumba, ndipo batiyo aikulunge m'chitenje, isakhulane ndi katundu wa m'basi. Akamaliza masewero aimbe, ngakhale ndili pantchito ndidzayankha.

Ine wanu,
Fraser

21 Marichi 2025

Okondedwa amake Upile,

Ndikhulupirira kuti m'thupi muli bwino nonse. Ine ndili bwino.

Lamulungu munkalankhula mukulira moti zina sindinazimve, koma ndalumikiza ndi uthenga umene aphunzitsi anditumizira. Akuti woyimbira anayang'ana chidindo n'kugwedeza mutu kuti chili bwino. Kenako anayendetsa dzanja kumtunda, anamva zilembo zokhoma zija, n'kuiika pambali. Mabati akale aja anakanidwanso monga tinkadziwira. Masewero oyamba anawapatsa anzawo osasewera. Achiwiri sukulu ina inawabwereka bati yolemera, Upile analowa kawiri ndipo kawiri konse anatuluka osamenya. Asankha atsikana atatu, wa sukulu yathu palibe. Zoti m'basi pobwerera anzake ankamuitana kuti Qatar aphunzitsi sanalembe, ndamva kwa inu.

Mwezi uno wa Ramadani ligi yaima, ndiye ndinamulondola Rodel kumene amakhala. Nditamufotokozera anagwira pamutu. Akuti pali anthu amene amapala kapena kukhoma mabati kuti mpira uziuluka kwambiri, choncho lamulo limati bati ikangosinthidwa kumtunda komenyerako, kaya ndi penti kaya ndi msomali, chidindo chake chatha ntchito. Woyimbira safunsa kuti unkafuna chiyani. Dzina amalola kumapeto kwa chogwirira kokha, pakachidendene kaja. Anandifunsa kuti bwanji sindinamufunse. Ndinali nditamufunsa za zidindo, za kulemera, za kutalika, za mtengo, miyezi itatu yathunthu. Za dzina sindinaone kuti ndi funso. Kwathu ndowa, mbale za pamaliro, khasu, njinga, zonse timalemba.

Ndamva kuti munapita kukawakalipira a Faruku pamsika anthu akuona. Mubwerereko mukapepese. Iwo anachita zimene anauzidwa, ndipo anatalikira chidindo monga ndinanenera. Inunso musiye kunena kuti mukanaganiza bwino. Kalata ya pa 17 Januwale muli nayo, muiwerengenso. Mawu akuti msomali ndi anga, akuti zilembo zazikulu ndi anganso.

Zikundiwawa, amake Upile. Chibwerereni kuno ndatukwanidwa, ndagona ndi njala, koma palibe chimene chandiwawa ngati ichi.

Batiyo musataye ndipo musaibise. Upile akalola, ipite kwa aphunzitsi, atsikana aziphunzirira. Rodel akuti pophunzira palibe amene amayang'ana, ndipo ikhoza kukhala zaka zambiri. Akakana, isiyeni pamene waiika.

Tsopano za Epulo, poti mwafunsanso. Kuno munthu akasankha kusapita kwawo pa tchuthi, kampani imamupatsa ndalama m'malo mwa tikiti, zocheperapo kuposa mtengo wa tikitiyo. Pepala limenelo ndinasaina mu Disembala, pamene malipiro ankavuta. Ndi zimene ndinagulira bati, ndipo zotsala ndi zija munathirira feteleza wobereketsa. Ndinafunsa ku ofesi Lolemba ngati zingabwezedwe, akuti khalas, zinatha. Ndiye sindibwera. Tikiti ina ndi ya kontirakiti yotsatira ikadzatha, zaka ziwiri kuchokera pano. Ndinayenera kukuuzani kale, koma ndinkafuna ndidzanene mpikisano utadutsa, tili ndi nkhani yabwino yoikapo pamwamba.

Mayi muwauze pang'onopang'ono, musawadzidzimutse. Chimanga chikauma mukolole msanga, chaka chino akuba ayamba kale m'minda ya kumtsinje.

Upile sakuyankha foni yanga kuyambira Loweruka. Musamukakamize. Za dzina mumuuze kuti ndi ine, mumuonetse ndime ija awerengenso yekha. Za tikiti musamuuze. Akafunsa chifukwa chimene sindikubwerera, mudzanene kuti kuntchito akana.

Ine wanu,
Fraser